Ophunzira amene tinawasiya pakhomo la fiyeta

Kumutu kwa wodwala m'fiyeta ndi malo opanikizika. Pali makina opereka mpweya, chitsulo chopachikapo diripi, kathebulo ka majakisoni, ndi kampando kozungulira komwe nthawi zambiri palibe amene amakhalapo. Mukaima anthu awiri pamenepo mapewa amagundana. Ine ndaimapo zaka zambiri, ndipo kawirikawiri sindinkaima ndekha. Patsogolo panga pankakhala wophunzira, ine kumbuyo kwake, chibwano changa chili pafupi ndi phewa lake, tonse maso ali m'kamwa mwa munthu wagonayo. Ntchito yathu imaphunzitsidwa chonchi basi.

Kunja kuno amatitchula kuti "ogonetsa aja". Agadiyani akakupeza pakhonde, funso lawo ndi limodzi: "Adzuka koma, adokotala?" Amafunsa zenizeni, chifukwa kugonetsa munthu sikuvuta. Ketamine kapena thiopentone akalowa mumtsempha, mphindi isanathe munthu wapita. Zovuta zimabwera pambuyo pake. Pa maopaleshoni ambiri a m'mimba timaonjezera mankhwala olefula minofu, monga suxamethonium, ndipo minofu yopumira nayo imalefuka. Kuyambira pamenepo munthuyo sakupumanso yekha. Mpweya wake uli m'manja mwako, ndipo ubongo ukakhala mphindi zochepa chabe wopanda okosijeni umaonongeka osabwereranso.

N'chifukwa chake choyamba kuphunzitsa si jakisoni ayi, koma kagwiridwe ka masiki. Dzanja lamanzere: chala chachikulu ndi chamkombaphala zimapanikiza masiki pankhope, zala zitatu zotsalazo zimakola fupa la chibwano n'kulikokera m'mwamba kuti lilime lichoke kukhosi. Dzanja lamanja limafinya thumba la mpweya. Ukamaonerera zimakhala ngati zamasewera. Ukagwira wekha, mpweya umathawira m'mbali mwa mphuno n'kumawomba m'maso mwa wodwala, chifuwa osakwera, ndipo pakatha mphindi zisanu dzanja lachita dzanzi mpaka m'chigongono. Pamapita masabata kuti zala zidziwe pogwira. Kenako ndiye laryngoscope, chitsulo chopindika chokhala ndi kanyali kunsonga. Umachilowetsa chakumanja kwa kamwa, kukankhira lilime kumanzere, n'kukweza. Wophunzira aliyense amafuna kupinda dzanja ngati akutsegula botolo la Fanta, ndipo akatero chitsulo chimatsamira mano akutsogolo. Mawu amene ndawanena kambiri kuposa ena onse pa moyo wanga ndi awa: "Kwezani, musapinde. Mano awo. Mukuona chiyani?" Tsiku limene wayankha kuti akuona timizere tiwiri toyera, khomo la kholingo, n'kulowetsa chubu chopumira pakati pake, umaona chimwemwe m'maso ngakhale nkhope yabisika. Amene anafufuza nkhaniyi anapeza kuti munthu amafunika kulowetsa chubu pafupifupi ka 50 kuti ayambe kudalirika, ndipo zimene ndaona ndi maso anga zimagwirizana nazo.

Kwathu kuno nambala imeneyi ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Bungwe la padziko lonse la akatswiri a ntchito yathu, WFSA, limati pa anthu 100,000 alionse pazikhala madokotala ogonetsa odwala osachepera 5. Ku Malawi, pofika 2020, madokotala amene anamaliza ukatswiri umenewu ankawerengeka ndi zala, dziko lonse. Amene tasenza ntchitoyi ndife ma clinical officer. Sukulu yathu yoyamba, Malawi School of Anaesthesia, inayambika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndi dokotala wa ku Britain, Paul Fenton, ndipo kwa zaka zambiri maphunziro ake akhala a miyezi 18. Miyezi 18 ndi yochepa. Ikatha, munthu amatumizidwa ku chipatala cha pa boma kapena cha mishoni, komwe usiku amakhala yekhayekha, wopanda womufunsa. Mnzake wa ku London akaphonya miyezi ingapo ali ndi zaka zina kutsogolo, ndi wamkulu m'chipinda choyandikana nacho. Wathuyu chimene sanachigwire ali pasukulu amakachigwira koyamba pa mayi wapakati, 2 koloko usiku.

Pa 20 Malichi 2020 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo pa 23 Malichi sukulu, makoleji ndi mayunivesite zinatsekedwa. Nthendayo inali isanapezeke n'komwe. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Ophunzira amene anatumizidwa ku chipatala chathu kudzaphunzira ntchito ya manja analongedza n'kupita. Ndikukumbukira Lolemba limenelo ndikulowa m'chipinda chosinthira zovala, nsapato zawo za m'fiyeta zili ndandanda pansi pa benchi, chilichonse cholembedwa zilembo za dzina la mwini wake. Tinkati abwera pakatha mwezi. Papita miyezi isanu ndi theka, chifukwa magulu oyamba anayamba kubwerera pa 7 Sepitembala.

M'miyezi imeneyo tinayesa zimene aliyense anayesa. Za Zoom zinagwira kwa amene anali m'tauni ndipo anali ndi ndalama ya bando. Enawo tinkawatumizira mawu pa WhatsApp. Ndinkajambula ndili m'galimoto pa nthawi ya nkhomaliro, kufotokoza mlingo wa mankhwala a mwana wa makilogalamu 10, kapena zochita BP ikagwa pambuyo pa spinal (jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kumunsi kwa thupi), ndipo mayankho ankabwera usiku, netiweki ikapezeka. Mnyamata wina ankakwera kachulu kuseri kwa nyumba ya kwawo kuti mawu atsike, ndiye m'mayankho mwake munkamveka mbuzi ndi mphepo. Za m'mutu zinayenda ndithu, mwinanso kuposa kale, chifukwa anali ndi nthawi yowerenga. Koma fupa la chibwano sulitumiza pa foni.

Atabwerera ndinkaganiza kuti tingoyambira pamene tinalekezera. Ndinapeza kuti fiyeta yasintha m'njira ziwiri, ndipo zonse zinali zowabera ophunzira.

Yoyamba inali ya maopaleshoni okonzekera. Chophukacho, zotupa za m'chiberekero, chithokomiro, prostate ya agogo aamuna: amenewa ndi maopaleshoni amene wodwala amabwera atasala kudya, mwamuyeza dzulo lake, ali ndi mphamvu, ndipo muli ndi nthawi. Pamenepa ndi pamene wophunzira amaphunzirira, chifukwa akalephera koyamba mukhoza kubwerera ku masiki, kupereka mpweya, n'kumuuza kuti ayesenso. Maopaleshoni oterewa ndi amene anayamba kuimitsidwa, kuno ndi kwina konse. Ku England anaimitsidwa kuyambira pa 15 Epulo 2020, ndipo gulu la ofufuza la COVIDSurg linawerengera kuti padziko lonse maopaleshoni opitirira 28 miliyoni akhoza kulephereka m'masabata 12 amene mliri unafika pachimake. Kwa ife anatsala anali a changu okhaokha: masiza, matumbo opotana, ovulala pa ngozi za njinga zamoto. Amenewa ndi odwala amimba yodzaza, otaya magazi, amene sapereka mwayi wachiwiri. Nawonso anthu ankaopa chipatala, moti ankabwera mochedwa, nthenda itakula.

Yachiwiri ndi imene imandiwawa mpaka lero. Kachilombo ka korona kamakhala m'mphuno ndi kukhosi, ndipo ntchito yathu ndi kuika nkhope pamenepo. Malangizo amene anatuluka kulikonse ankanena zofanana: chubu alowetse amene ali ndi luso kuposa onse, kamodzi kokha, m'chipinda mukhale anthu ochepa, musafinye thumba pa masiki ngati n'kotheka, chifukwa mpweya wothawira m'mbali uja umamwaza kachilombo, ndipo pamene jakisoni wa pamsana angakwanire, musagonetse munthu. Malangizowa sanali olakwika. Kafukufuku wina wa m'mayiko 17 anapeza kuti mwa ogwira ntchito amene analowetsa chubu mwa odwala Covid-19, pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse anadzapezeka ndi nthendayo kapena zizindikiro zake. Ife kuno zoyezera zinali zoperewera, choncho aliyense wotentha thupi kapena wopuma movutikira tinkamutenga ngati ali nako. Masiki odzitetezera a N95 tinkachita kuwerenga. Ukakhala ndi awiri, n'kupatsa yani? Wopanga opaleshoni ndi wogonetsa. Wophunzira amatsala.

Werenganinso malangizo aja mukuganizira wophunzira. Masiki asagwire, laryngoscope asagwire, m'chipinda asakhale. Chilichonse chimene chinateteza moyo wake chinamulanda ntchito imene anabwerera.

Panali mtsikana wina m'gulu limenelo, wofatsa, amene anagwirapo kale ntchito zaka zingapo pa chipatala chaching'ono kumudzi asanabwere kudzaphunzira. Tsiku lina tinalandira bambo wamatumbo opotana, mimba itatupa ngati ng'oma, akutentha thupi. Mtsikanayu anali atakonza zonse ndisanafike. Machubu a misinkhu iwiri anali pathebulo, atayesa kanyali ka laryngoscope, makina oyamwa ali okonzeka pansi pa pilo, majakisoni atalembedwa bwinobwino. Anaima kumutu atagwira chitsulo kudzanja lamanzere, akundidikira kuti ndiime kumbuyo kwake monga mwa masiku onse. Ndinatambasula dzanja.

"Achemwali, uyu ndilowetsa ndine. Inu mukaime panja, muonerere pagalasi."

"Bwana, ndangolowetsapo kasanu ndi kamodzi chibwerereni."

"Ndikudziwa. Mudzachita wotsatira."

Anandipatsa chitsulocho ndi manja awiri, n'kutuluka. Chitseko cha fiyeta yathu chili ndi kagalasi kozungulira, ndipo nthawi yonse imene ndinkalowetsa chubu ndinkadziwa kuti maso ake ali pamenepo. Pagalasi paja umaona msana wa munthu ndi chigongono. M'kamwa suona. Wotsatira uja nayenso anabwera akutentha thupi, ndi winanso pambuyo pake.

Ndikanachitanso chimodzimodzi lero, zinthu zikanakhala momwemo. Sindikanatha kukauza mayi ake kuti mwana wawo wadwala chifukwa ine ndinkafuna aphunzire. Koma ngakhale chinali choyenera, chinali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo sindinalipire ine.

Jakisoni wa pamsana ndiye anaphunzira mokwanira. Masiza sanaime tsiku n'limodzi lomwe, mimba sidikira mliri. Gulu limenelo linabaya ma spinal ochuluka kuposa magulu onse amene ndawaphunzitsapo. Ankadziwa kukhazika mayi pathebulo, kumuuza kuti "Mayi, weramani ngati mukusenda chimanga pamiyendo", kupapasa mafupa a m'chiuno, kupeza mpata, kudikira kadontho koyera ngati madzi katuluke kusingano, kenako mankhwala a dzanzi a bupivacaine pang'onopang'ono. Manja awo pamsana anali ofewa, okhazikika. Anatuluka anthu odziwa msana koma osadziwa khosi, ndipo vuto ndi lakuti spinal ikakanika, kapena ikakwera mpaka kuchifuwa, kapena mayi akamataya magazi kwambiri moti simungamubaye, chopulumutsa ndi khosi lomwelo.

Kenako kunabwera Januwale wa 2021. Amene tinali m'zipatala mwezi umenewo sitidzauiwala. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Chakwera analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la Bingu National Stadium ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ku Zomba zinasanduka zipatala. Sukulu zinatsekedwanso. Ife a m'fiyeta tinaitanidwa ku mawodi ndi kumatenti a Covid, chifukwa m'chipatala chilichonse amene amadziwa za mpweya ndife. Ambiri mwa ophunzira athu ndi antchito a zaumoyo kale, choncho sanakhale pakhomo. Ena anatsala nafe, ena anabwerera ku zipatala zawo kukathandiza.

Kumeneko anaphunzira zinthu zimene ine sindikanawaphunzitsa m'fiyeta. Anaphunzira kuti okosijeni ndi mankhwala, ali ndi mlingo, ndipo amatha. Silinda yaikulu imene m'fiyeta imakhala masiku, pa munthu mmodzi wofuna malita 15 pa mphindi inkatha usiku usanathe. Anaphunzira kuwerenga geji n'kudziwa kuti yatsala ya maola angati, kugubuduza silinda yolemera kuposa iwo eni mumdima, kumanga regulator, kachida kotulutsira mpweya m'silinda pa mlingo, ndi sipanala osaononga ulusi wake. Ma regulator omwewo anasowa kwambiri moti Amalawi wamba, ena ali kunja, anasonkherana ndalama pa Facebook kuti agule. Anaphunzira kuti concentrator, makina osefa okosijeni mu mpweya wamba, imapereka malita 5 kapena 10 basi ndipo magetsi akazima imazima nawo. Anaphunzira kugoneka munthu chafufumimba n'kuona nambala ya pa kachida kachikasu ka Lifebox koyezera okosijeni m'magazi ikukwera kuchoka pa 82 kufika pa 90 popanda kuonjezera kanthu. Dexamethasone, amene ife tinazolowera kupereka kuti wodwala asasanze akadzuka, anali atapezeka mu Juni 2020, pa kafukufuku wa RECOVERY ku Britain, kuti amachepetsa imfa mwa odwala ofuna okosijeni. Ophunzira athu ankamupereka m'mawa uliwonse, mamiligalamu 6. Ndipo anaphunzira kulankhula ndi munthu amene akudziwa kuti akufa, pamene abale ake ali kunja kwa mpanda. M'fiyeta odwala athu amakhala ali mtulo. Kutenti ankatiyang'ana.

Imfa zinali zambiri. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zamankhwala ya The Lancet mu Meyi 2021, wa odwala 3,140 m'zipatala 64 za m'mayiko 10 a mu Africa, Malawi ali momwemo, anapeza kuti mwa odwala Covid-19 amene anafika pofuna chisamaliro chapadera, 48 pa 100 alionse anamwalira pasanathe masiku 30. Ana a zaka za m'ma 20 anaona zimenezo ndi maso, usiku ndi usiku, ndipo palibe amene anakhala nawo pansi kuwafunsa kuti mtima uli bwanji. Inenso sindinawafunse. Tinkangoti "limbani mtima" n'kupitirira ku bedi lina. Mnyamata wa pachulu uja anandiuza patapita chaka kuti kwa miyezi yambiri ankadzidzimuka usiku akumva kulira kwa concentrator, m'nyumba mopanda ngakhale magetsi.

M'masiku amenewo ndinkakumbukira kawirikawiri nkhani ya ku Copenhagen, ku Denmark. Mu 1952 mliri wa poliyo unagwa mumzindawo, ndipo chipatala cha Blegdam chinadzaza ndi ana amene minofu yawo yopumira inafa. Makina othandiza kupuma anali ochepa kwambiri. Mwa odwala 31 oyamba amene anafika potero, 27 anamwalira. Dokotala wogonetsa odwala, Bjørn Ibsen, ananena kuti awaboole pakhosi, alowetse chubu, munthu azifinya thumba ndi manja monga timachitira m'fiyeta. Anthu ofinya anachokera kuti? Anatenga ophunzira, pafupifupi 1,500, a udokotala ndi a zamano, n'kumasinthana usana ndi usiku kwa miyezi. Imfa zinatsika kufika pochepera theka, ndipo chaka chotsatira Ibsen anatsegula chipinda chimene ambiri amachitcha ICU yoyamba padziko lapansi. Mliri umenewo unakokera ophunzira kumutu kwa wodwala n'kuwapatsa thumba m'manja. Wathuwu unawapatsa silinda ndi sipanala, koma pakhosi unawachotsapo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Copenhagen anali ophunzira obwerekedwa amene anabwerera ku maphunziro awo mliri utatha, pomwe athuwa miyezi imene inapita inali yomweyo ya maphunziro awo, ndipo kalendala sinaime.

Katemera anafika pa 5 Malichi 2021, AstraZeneca wokwana 360,000 kudzera ku COVAX, ndondomeko ya padziko lonse yogawira mayiko katemera, ndipo ife azaumoyo tinali m'gulu loyamba kubayidwa. Mantha anatsikako. Ndinayamba kubweza ophunzira kumutu kwa wodwala, koma maopaleshoni okonzekera atangoyamba kubwerera, funde lachitatu linafika mu Julaye n'kuwaimitsanso. Nawo alendo amene ankabwera ndi maphunziro a masiku ochepa, monga a SAFE a za amayi apakati ndi ana, anali atasiya kubwera chiimitsireni ndege mu Epulo 2020. Madokotala ochepa amene ankaphunzira ukatswiriwu, omwe ena amakamalizira mbali ya maphunziro awo ku South Africa, nawo anakumana ndi malire otseka. Tinali ndi chidole chimodzi chophunzirira kulowetsa chubu, chakale, mano ake atathyoka kale ndi magulu am'mbuyomo. Tinachigwiritsa ntchito mpaka lilime linang'ambika. Chidole chimathandiza kudziwa dzanja logwirira ndi dongosolo la zochita, koma sichituluka malovu, sichisanza, sichisintha mtundu wa milomo.

Ndiye inafika nthawi ya mabuku. Wophunzira aliyense amakhala ndi buku lolembamo wodwala aliyense amene wamugwira, ndipo ife timasainira. Ndinakhala ndi mulu wa mabukuwo pathebulo madzulo ena. Masamba a spinal anali odzaza mpaka m'mphepete. Masamba a chubu anali oyera theka. A ana aang'ono, ena anali ndi mizere itatu yokha. Buku la mtsikana uja linali ndi 19.

Ndikanakana kusaina. Koma uthenga umene unkabwera kuchokera kumtunda unali womveka, ndipo sunali wabodza: zipatala za m'maboma zikudikira, kwina kuli wogonetsa mmodzi amene sanapume chaka chonse, kwina kulibiretu ndipo amayi akutumizidwa mtunda wa maola awiri pa ambulansi. Kuwasunga ophunzirawa miyezi ina itatu kunkafuna ndalama ya chakudya ndi malo ogona imene panalibe, komanso gulu lotsatira linali kale pakhomo. Wogonetsa wosakwanira ndi kupanda wogonetsa, chabwino n'chiti? Ndinasaina. Sindinaonjezere nambala ngakhale imodzi, ndinalemba zoona, koma ndinasaina kuti apite.

Patatha miyezi ingapo foni inalira usiku, cha m'ma 1 koloko. Anali namwino wa chipatala china cha pa boma, akuti achemwali aja akufuna kulankhula nane koma manja ali otanganidwa. Anaika foni pa sipika. Chisanamveke china chilichonse ndinamva kulira kwa kachida koyezera mpweya. Amene anagwirapo ntchito m'fiyeta akudziwa: kamalira ndi kugunda kulikonse kwa mtima, ndipo okosijeni akamatsika mawu ake amanka nanenepa, kutsika ngati munthu akutsika masitepe. Ndinadziwa kuti tili m'ma 80 asananene.

"Bwana, ndi siza. Mayi akomoka kawiri, BP ili pamwamba, magazi sakugwirana bwino, spinal sindikanabaya. Ndagonetsa. Ndayesa kawiri, sindikuona kanthu. Ndi zotupa zokhazokha."

Mayi wapakati ndiye wovuta kuposa onse. Khosi limatupa, makamaka BP ikakwera chonchi, mimba imakankha mapapo, mpweya umatha msanga, ndipo za m'mimba zimabwerera mosavuta. Kafukufuku wa m'mayiko a mu Africa amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti mayi wochitidwa siza kuno ali pa chiopsezo cha imfa chochuluka ka 50 kuposa mnzake wa kumayiko olemera. Zonsezi zinali m'mutu mwanga nditakhala m'mphepete mwa bedi, mdima uli bii.

"Siyani chitsulocho. Bwererani ku masiki. Manja onse awiri pa chibwano, anamwino afinye thumba. Chifuwa chikukwera?"

Kunali zii, kachida kokha kakulira pansipansi.

"Chikukwera pang'ono."

"Pang'ono pomwepo mpokwanira. Musachoke pamenepo. Munthu safa chifukwa chosowa chubu, amafa chifukwa chosowa mpweya. Dikirani nambala ikwere."

Tinadikira. Mawu a kachida anayamba kukwera, sitepe imodzi, ina. Atafika pa 95 ndinawauza apinde nsalu aike pansi pa mapewa ndi mutu mpaka khutu lilingane ndi fupa la pachifuwa, atenge chubu chocheperako, akonze bougie, kandodo kopyapyala kotsogolera chubu, ndipo wothandiza asunthe kholingo pang'ono. Ndinamva chitsulo chikutseguka, kuti khwa. Pakamwa panga panatuluka mawu omwe aja, ngati ndaima kumbuyo kwawo.

"Kwezani, musapinde. Mukuona chiyani?"

"Kumunsi kokha, bwana. Kadontho kakuda."

"Bougie pomwepo."

Mwana analira patapita mphindi zingapo, ndinamumva pa foni. Mayi anadzuka m'mawa. Koma ine sindinagonenso usiku umenewo, ndipo chimene chinandisowetsa tulo sichinali mantha a zimene zikanachitika. Anali mawu a akuluakulu akuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Mtsikanayu sanalakwitse kanthu. Anaganiza bwino, anadziwa kuti spinal siyoyenera, anasiya atayesa kawiri, anaitana thandizo. Chimene chinasowa ndi maulendo 30 aja amene ine ndinamulanda pakhomo la fiyeta. Ndipo usiku umenewo netiweki inalipo, foni yanga inali ndi moto, ine ndinali pakhomo. Anzake a gulu lomwelo ali m'zipatala zina, ndipo si onse amene ali ndi nambala yanga.

Anthu tikamakamba za mliri timawerenga amene anamwalira, ndipo n'koyenera. Za maphunziro amene anadukizidwa zimathera pa mawu akuti kalendala inabwerera mwakale. Kalendala inabwereradi, mayeso analembedwa, zithunzi za magauni zinajambulidwa. Koma palibe amene anabwerera ku mabuku aja kukawerenga masamba oyera n'kufunsa kuti eni ake ali kuti tsopano. Ine maganizo anga ndi akuti amene anaphunzira mu 2020 ndi 2021 tili nawo ngongole, ndipo njira yobwezera si msonkhano wa ku hotela wokhala ndi ma slide. Ndi kuwaitana mmodzimmodzi ku chipatala chachikulu kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, wina akawagwirire ntchito kwawoko, aime kumutu kwa odwala okonzekera tsiku lililonse, akuluakulu ndi ana, mpaka dzanja likhazikike. Ndipo mliri wina ukadzabwera, pakuti kolera wa 2022 ndi 2023 watikumbutsa kale kuti miliri siitha, powerenga masiki ndi magauni tidzawerengere wophunzira ngati wantchito wofunika, osati ngati mlendo. Pa odwala amene ayezedwa n'kupezeka alibe nthenda, wophunzira asachoke pamalo pake. Chitseko chikatsekedwa, wina alembe tsiku limenelo kuti tatseka, ndi kuti tidzabweza liti.

Zimenezi ndazinena m'misonkhano ingapo ndipo anthu amagwedeza mitu. Podikira kuti zichitike, ndinapempha masiku atatu a tchuthi changa, n'kukwera minibasi kupita ku chipatala cha achemwali aja. Tinagwirizana ndi wopanga maopaleshoni wa kumeneko kuti asonkhanitse odwala okonzekera amene anakhala akudikira, ndipo anapezeka 11. Fiyeta yawo ndi yaing'ono kuposa yathu, zenera limodzi, concentrator ikulira pakona, silinda yosungira itamangidwa kukhoma ndi lamba. Ndinaona kuti regulator yake inali yomangidwa bwino kwambiri, geji ikuyang'ana kumene wogonetsa amaima.

Woyamba anali bambo wa zaka za m'ma 40, mlimi, wa chotupa cha m'mimba. Achemwali aja anakonza zonse monga tsiku lija: machubu awiri, kanyali koyesedwa, makina oyamwa pansi pa pilo. Atamaliza anatenga laryngoscope, n'kutembenuka, n'kunditambasulira ndi manja awiri.

"Ayi, achemwali. Imani apa."

Ndinabwerera m'mbuyo sitepe imodzi n'kuima kuseri kwa phewa lawo lamanja. Mankhwala analowa, zikope za bambo uja zinagwa, thupi linanjenjemera pang'ono n'kukhala bata. Anatsegula kamwa ndi zala ziwiri, chitsulo chinalowa, lilime linapita kumanzere. Dzanja linayamba kupinda. Ndinagwira chigongono chawo ndi nsonga za zala n'kuchikankhira kutsogolo, chakudenga.

"Mukuona chiyani?"

"Yonse iwiri, bwana. Yoyera."

Chubu chinalowa, nthunzi inaoneka m'kati mwake, chifuwa chinakwera mbali zonse ziwiri. Anamvetsera kumanja, kumanzere, pamimba, n'kumanga chubu ndi bandeji. Kenako anatulutsa m'thumba buku lakale lija, limene ndinkaganiza kuti analisiya kalekale, n'kulitsegula pa tsamba loyera theka, n'kundipatsa cholembera.